Kufuna ntchito ndi foni m'manja: zimene ndimauza ophunzira obwera kudzakonzetsa curriculum ku Ulongué

Ndili ndi kashopu ka fotokope ku Ulongué, kuno ku Angónia, ndipo ndakhala ndikutayipa ndi kusindikiza mapepala a anthu kwa zaka zoposa 10. Ambiri olowa pakhomo panga ndi ana a ku UniZambeze, a pasukulu ya zaulimi imene ili konkuno, ndi ena ophunzira m'masukulu a ukachenjede a ku Tete, ku ISPT, ku UniPúnguè kapena ku Católica, akabwera kwawo patchuthi. Chaka chomaliza chikamatha, pempho lawo ndi limodzi: "Amayi, ndikonzereni curriculum," kutanthauza CV, pepala la mbiri ya maphunziro ndi ntchito. Ndimakonza ndithu. Koma masiku ano ndisanakhudze kompyuta ndimayamba ndapempha foni ya mwanayo, chifukwa cha zimene ndinaona tsiku lina pabenchi la m'shopu momwemu.

Bambo wina woyang'anira ntchito za bungwe lothandiza alimi anabwera kudzasindikiza mafomu, magetsi n'kuzima. Podikira anatulutsa m'chikwama mulu wa mapepala a anthu ofuna ntchito ya ulangizi wa kumunda. Magiredi sanayambe nawo. Ankatenga pepala, kusunga nambala m'foni mwake, kutsegula WhatsApp, kuyang'ana chithunzi, kenako pepala lija kuliika kumanja kapena kumanzere. Pa lina anaima, n'kundionetsa: mnyamata wopanda malaya, mabotolo a mowa atandanda patebulo, m'munsi mwake mawu akuti palibe womuuza zochita. "Mayi," anatero bamboyo, "uyu ndimupatse njinga yamoto ya bungwe ndi mbewu za alimi a mudzi wonse?" Pepala linapita kumanzere. Ndinalizindikira chifukwa ndinalitayipa ndine. Mwanayo ndimamudziwa, ndi wolimbikira ndiponso waulemu, ndipo chithunzicho chinali cha tsiku limodzi lokha, lomaliza mayeso. Sanaitanidwe, ndipo sakanadziwa chifukwa chake ndikanapanda kumuyimbira madzulo ake.

Choncho yambani ndi kudziona ndi maso a mlendo. Bwerekani foni ya munthu amene nambala yake simunasunge, mulembemo nambala yanu, mutsegule WhatsApp. Chimene chaoneka pamenepo ndi chimene bwana adzaone. Chithunzi chikhale cha nkhope yanu nokha, pamalo powala, mutavala malaya abwino. Jekete siyofunika, wa zaulimi ataima m'munda wa chimanga atavala chipewa amaoneka bwino kuposa wovala suti yobwereka. Timawu ta m'munsi mwa dzina, timene ambiri analemba kalekale n'kuiwala, tiwerengeninso. Status ili ndi malamulo ake: imaonekera kwa amene nonse mwasungana manambala, ndiye tsiku limene mwasunga nambala ya bwana wakuyimbirani, dziwani kuti wayamba kuona zonse zimene mumaika. Lowani m'gawo la privacidade, musankhe amene asamaone status yanu, ndipo muchite zimenezi tsiku lomwelo.

Facebook ndiyo imafuna nthawi, chifukwa ambiri munaitsegula muli ku sekondale ndipo zonse za nthawi imeneyo zikadalipo. Dzina likhale limene lili pa BI yanu, chiphaso cha unzika. Munthu akalemba dzina la pa curriculum n'kupeza akaunti yooneka bwino, mtima wake umakhala pansi; akapeza nkhope yanu pansi pa dzina la pabwalo la mpira, amayamba kukayika. Muli batani lochepetsera anthu oona zonse zimene munaikapo kale nthawi imodzi, kuti zitsalire anzanu okha. Mulinso poletsera kuti zithunzi zimene anzanu akukumatanipo zisaoneke patsamba lanu musanavomereze. Zonse ziwiri yatsani. Koma pali chimene mabatani amenewa sabisa: ndemanga zanu pamasamba a anthu ena ndi m'magulu otseguka. Izo muzifufuze nokha m'ndandanda wa zochita zanu, muzifufute chimodzichimodzi. Sindikunena kuti mukhale chete pa nkhani za dziko lanu, mwapita kusukulu kuti muziganiza ndi kulankhula. Ndikunena za kutukwana, kunyoza mtundu wa anthu ena, kunyoza mphunzitsi pomutchula dzina. Tete ndi waung'ono. Amene munamutcha mbuzi m'ndemanga chaka chatha akhoza kukhala mlamu wa amene akukufunsani mafunso mawa.

Nkhani ya nambala ndiime nayo pang'ono, chifukwa imaluzitsa anthu ntchito mwakachetechete. Kuno timasintha makhadi ngati malaya: Movitel chifukwa imagwira kumudzi, Vodacom chifukwa cha M-Pesa, ina chifukwa cha bonasi ya sabata ino, ndipo a kumalire ku Calómuè ndi ku Tsangano ena amakhalanso ndi ya ku Malawi. Pa curriculum lembani nambala imodzi imene siichoka m'foni, ndipo WhatsApp ikhale pa nambala yomweyo. Yachiwiri ikhale ya munthu wamkulu wa pakhomo amene foni yake siizima, ndipo mumuuze kuti mwatero. Nambala yachilendo ikayimba, musayankhe ndi "Ndani?" Nenani moni, tchulani dzina lanu. Mukapita kumudzi kokathandiza kukolola kumene netiweki imavuta, kwerani pachulu kamodzi patsiku muone ngati pali amene anakusowani. Olemba ntchito ambiri akayimba kawiri osakupezani amapita pa dzina lotsatira. Imelo nayo ikhale ya dzina lanu lenileni, ndipo muziitsegula tsiku lililonse ngakhale mamega ali ochepa.

Tsopano kopeza zilengezo. Magulu a WhatsApp ndi a Facebook a "vagas", olengeza malo a ntchito, ndi ambiri, ndipo ine sindiletsa mwana kulowamo, chifukwa ntchito zenizeni zimadutsamo. Koma gulu ndi mphekesera chabe, ngati zomva pachigayo. Mukaona chilengezo, kachifuneni kugwero: patsamba la kampaniyo, pa LinkedIn yake, pa emprego.co.mz, m'nyuzipepala ya Notícias, kapena ku ofesi ya INEP, bungwe la boma loona za ntchito. Ngati chikunena za HCB, kampani ya magetsi ya Cahora Bassa ku Songo, kapena Mozambique Leaf Tobacco ku Tete, mabungwe ngati amenewa ali ndi maofesi ndi manambala odziwika, ndipo kufunsa sikulipiritsa. Safunsa anadya phula. Yang'ananinso chaka, osati tsiku ndi mwezi zokha. Ndasindikizapo makalata a ana atatu ofunsira ntchito imene inatsekedwa zaka ziwiri zapitazo, chithunzi chake chikungozungulirabe m'magulu. Dziwaninso mbiri ya dera lanu, imakutetezani. Vale inagulitsa mgodi wa malasha wa Moatize kwa Vulcan mu 2022, ndipo Rio Tinto inasiya mgodi wa Benga m'manja mwa ICVL mu 2014. Chilengezo chonena kuti Vale ikulemba anthu ku Moatize mwezi uno, wolemba wake sakudziwa n'komwe mwini mgodi.

Pa zachinyengo ndilankhula monga munthu amene zinamugwera pakhomo. Mwana wa achimwene anga atamaliza maphunziro ku Tete anakhala chaka chathunthu pakhomo. Tsiku lina anabwera akuthamanga, foni m'manja. Chilengezo chinali chokongola, chizindikiro cha kampani ina yaikulu ya migodi pamwamba, malo ambirimbiri, malipiro olembedwa poyera, ndi mawu akuti luso lakale silofunika. Anatumiza mapepala ku imelo imene inali pamenepo. Pasanathe tsiku analandira uthenga pa WhatsApp wakuti wasankhidwa, atumize mameticais 2,500 a kuyezedwa kuchipatala. Achimwene anagulitsa matumba a kachewere amene ankasungira feteleza. Patapita masiku awiri, ena 1,800 a nsapato ndi chisoti. Anatumizanso. Lolemba lake anakwera chapa, minibasi ya kuno, usiku usanathe kupita ku kampaniyo, ulendo wa makilomita opitirira 200, atavala malaya oyera amene ndinamusitira ndekha. Pachipata mlonda anangoyang'ana foniyo n'kunena kuti, "Mwana wanga, si iwe woyamba sabata ino." Nambala ija inali itazima kale. Anabwerera usiku, ndipo anatha mwezi osatuluka m'nyumba. Ndalama tinaiwala, koma manyazi aja anatenga nthawi kuchoka.

Zizindikiro zonse zinalipo, ndipo inenso sindinazione chifukwa tonse tinali ndi njala ya uthenga wabwino. Imelo inali ya Gmail, pomwe kampani yaikulu imalemba ndi imelo yothera ndi dzina lake. Panalibe kufunsidwa mafunso, munthu anangosankhidwa. Ankafulumizitsa, akuti mukachedwa malo atenga wina. Ndipo uthenga wa M-Pesa unaonetsa dzina la munthu wamba, osati la kampani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lamulo langa tsopano ndi limodzi ndipo silisintha: wopempha ndalama kuti akupatseni ntchito, kaya akuti ndi za fomu, za chipatala, za yunifomu kapena za "kufewetsa abwana", kaya ndi pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, musamutumizire ngakhale metikali imodzi. Musathamangirenso kutumiza chithunzi cha BI, NUIT (nambala ya msonkho) ndi nambala ya kubanki kwa munthu amene simunatsimikize, chifukwa mapepala amenewo akhoza kukagwira ntchito ina m'dzina lanu. Wina akakuuzani kuti mumuwerengere manambala 6 amene angofika pa SMS kuti akulowetseni m'gulu la ntchito, akufuna kulanda WhatsApp yanu n'kuyamba kupempha ndalama abale anu. Manambala amenewo sapatsidwa kwa munthu aliyense, ndipo yatsani PIN yachiwiri ya WhatsApp lero lomwe.

Atsikana, ana anga, inu muli ndi msampha wina. Munthu amayamba bwinobwino, kenako mauthenga amabwera usiku, akufuna chithunzi cha thupi lonse, akuti mukumane ku pensão, nyumba yogona alendo, kuti mukambirane bwino. Mafunso a ntchito amachitikira mu ofesi, masana. Ngati ndi pa foni kapena pa vidiyo, pamakhala tsiku ndi ola lolembedwa pa imelo. Jambulani mauthengawo musunge, uzani munthu wamkulu, ndipo kulikonse kumene mwaitanidwa wina kunyumba adziwe malo ndi nthawi.

Zonsezi ndi zodzitchinjiriza. Chimene ndimafunitsitsa kuti ana amve ndi ichi: ntchito zambiri kuno, makamaka zoyambira, zimapita kwa munthu amene wina wamutchula dzina. Bwana amafunsa mlangizi wake kuti, "Ukudziwa mwana wina wodalirika wa ku Domué?" ndipo dzina limene labwera m'mutu ndilo limaitanidwa. Kale mwana wa mlimi wopanda malume mu ofesi analibe polowera. Lero foni ikhoza kuchititsa kuti dzina lanu likhale m'mutu mwa anthu amene si abale anu, ngati mukuwaonetsa ntchito ya manja anu. Ambiri amaika chithunzi cha tsiku lovala mkanjo wa digiri basi. Mkanjo aliyense ali nawo.

Mtsikana wina wa zaulimi anachita zimene ndimauza ena onse tsopano. Chaka chake chomaliza ankayesa mitundu ya nyemba pakamunda ka sukulu. Sabata iliyonse ankaika chithunzi chimodzi pa Facebook ndi pa status, ndi mizere itatu yokha: tsiku limene anabzala, chimene waona pamasamba, chimene wachita. Nsabwe zitagwira mzere wina sanabise, anajambula tsamba lopiringizika pafupi, n'kufunsa ngati alipo amene anakumanapo nazo. Anayankha ndi alangizi awiri, mmodzi wa ku Macanga. Atapita ku estágio, kukaphunzira ntchito poigwira, anapitiriza, koma ankayamba wapempha chilolezo kwa womuyang'anira ndi kwa alimi asanawajambule. Pamene bungwe lina linkafuna munthu wogwira ntchito ya miyezi 6, mlangizi wa ku Macanga uja ndiye anamutumizira chilengezo pa WhatsApp, n'kuuza abwana ake kuti mtsikanayu munda amaudziwa. Sanali atakumanapo maso ndi maso.

Wa zamigodi kapena zamakompyuta ku ISPT, wa zaumoyo, wa zauphunzitsi, aliyense ali ndi chake choonetsa, kupatula kuti wa zaumoyo asajambule wodwala ngakhale pang'ono, ndipo wa kumgodi asajambule malo oletsedwa. LinkedIn tsegulani chaka chomaliza chisanafike, makamaka ngati mukuyang'ana kumigodi, kumabanki kapena kumabungwe akunja, chifukwa olemba ntchito awo amapezeka kumeneko. Lembani m'Chipwitikizi choyera, wina akuwerengereni musanaike. Estágio iliyonse, ntchito yongodzipereka pa katemera kapena pa kalembera, zonse zilowe. Ndipo pa zilankhulo lembani Chichewa, kapena Cinyanja monga amalembera m'mapepala a boma. Ana ambiri amachisiya, amachita nacho manyazi. Koma bungwe lofuna munthu wokakhala pansi pa mtengo ndi alimi a ku Chifunde kapena ku Furancungo likufuna amene alimiwo amumve, ndipo apo mumaposa wochokera ku Maputo ngakhale ali ndi magiredi okwera. Ngati munakulira kumalire n'kutolako Chingerezi, nachonso lembani, koma pamlingo umene mungathe kuuteteza akakufunsani.

Kulembera munthu wamkulu amene simukudziwana naye kuli ndi kachitidwe kake. Musatumize "Oi" n'kudikira. Musatumize voice ya mphindi zinayi. Musayimbe pa vidiyo. Uthenga ukhale umodzi, wathunthu, nthawi ya ntchito. Kwa amene anatsogola pasukulu panu ndipo mumalankhula naye Chichewa, ukhoza kukhala wotere: "Mwadzuka bwanji achimwene. Ndine wakuti, ndikumaliza zaulimi ku Ulongué chaka chino, nambala yanu andipatsa ndi aphunzitsi akuti. Ndikufufuza za kasungidwe ka mbewu ya kachewere. Ndimafuna ndikufunseni mmene munapezera estágio kumene mukugwirako, ndi miyezi imene amalandira makalata. Mukapeza mpata mundiyankhe, zikomo kwambiri." Onani kuti simunapemphe ntchito. Mwapempha nzeru, chinthu chimene munthu angapereke osataya kanthu. Akayankha, thokozani, ndipo pakapita mwezi mumuuze mmene zayendera. Akapanda kuyankha, kumbutsani kamodzi pakatha sabata, kenako musiyeni.

Za mapepala ndidutsa msanga. Curriculum ikhale PDF, masamba osapitirira awiri, fayilo ikhale ndi dzina lanu. Pa WhatsApp itumizeni ngati documento, chifukwa mukaitumiza ngati chithunzi imafika yosawerengeka bwino. Certificado, BI ndi NUIT zijambulitseni pa sikana, osati pamphasa ndi chala chikuonekera m'mbali. Sungani zonse mu imelo, pa flash, ndi zina zosindikiza m'envelopu. Kumapeto kwa 2024, chisankho cha mu Okutobala chitadutsa, intaneti ya pafoni inkadulidwa ndipo WhatsApp ndi Facebook zinavuta kwa masiku. Amene anali ndi mapepala m'manja ndiwo anakwanitsa kukapereka. Concurso, mpikisano wolembera anthu ntchito za boma, nayo ikadali ya mapepala: requerimento (kalata yopempha), makope otsimikizidwa kwa notário (wodinda zikalata), registo criminal (kalata yosonyeza ngati munapalamulapo mlandu) imene imatha mphamvu pakapita miyezi yochepa. Gulu la WhatsApp likhoza kukuuzani kuti yatuluka, koma pitani mukawerenge nokha pabolodi la ku boma, ku SDAE, ofesi ya zaulimi ndi zachuma ya m'boma, kapena ku ofesi ya zamaphunziro, chifukwa wojambula nthawi zambiri amadula tsamba lachiwiri pomwe pali mndandanda wa zofunika.

Pali china chimene sichilembedwa pa curriculum koma ndimachiona pankhope za ana. Mumatsegula Facebook m'mawa, mnzanu wa kalasi imodzi wavala chisoti choyera ndi chovala chonyezimira ku Moatize, wina ali pasemina ku Beira, inu muli pakhonde, anthu odutsa akukupatsani moni wa "doutor" pomwe ndalama ya mamega mwapempha kwa amayi. Zimalasa mtima, ndikudziwa. Ena amayamba kulemba madandaulo tsiku ndi tsiku, kuti dziko lino n'la ana a mabwana, kuti kampani yakuti ndi ya akuba chifukwa sinawaitane. Mkwiyowo uli ndi chifukwa chake, kukondera kulipo ndithu. Koma ukauzeni mnzanu pamaso, kapena bwerani mudzandiuze ine pabenchi pano, musausiye pamalo pomwe adzauwerenge amene mudzamupemphe ntchito chaka chamawa. Dziikireni ola limodzi m'mawa la kufufuza ndi kutumiza makalata, mamega a ntchito imeneyo muwapatule TikTok isanawamalize, ndipo masana pitani mukagwire chinachake, ngakhale kuthandiza pa dimba la oyandikana nawo. Kumeneko n'kumene kumachokera chithunzi cha sabata ino.

Mukaitanidwa ku mafunso, musalengeze. Mukauzidwa pakamwa kuti mwapambana, musalengezebe, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dikirani kontrakiti isainidwe, ndipo ngakhale pamenepo musajambule kontrakitiyo kapena khadi la pakhosi lokhala ndi nambala yanu, chifukwa zithunzi zotero n'zimene akuba aja amatenga kukanamizira ana ena. Gulani kope laling'ono. Kalata iliyonse imene mwatumiza lembani tsiku, dzina la bungwe, kumene munaona chilengezo ndi tsiku lotseka. Akakuyimbirani pakatha miyezi iwiri muli pamsika, mudzadziwa kuti ndi ntchito iti ndi zimene munawalembera. Kopelo mubwere nalo pamodzi ndi foni tsiku lodzasindikiza curriculum, tidzayambire pa chithunzi.